Kusintha nthawi ya mneni pofotokoza zoyankhula wina m'Chingerezi

Ophunzira ambiri akalakwitsa phunziro ili, chowapunthwitsa sichikhala kuiwala malamulo ayi, koma kuganiza m'Chichewa uku akulemba Chingerezi. Munthu akati "Ndikudwala", ife pokauza ena timangoti "Ananena kuti akudwala." Mneni wakhalabe mu nthawi yomwe mwiniwake anayankhulira. Chingerezi sichitero. Mneni wofotokozera akakhala wa nthawi yakale, monga said, told kapena asked, mneni wa mawu onenedwawo amabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Choncho "I am sick" amasanduka He said that he was sick. Aphunzitsi, yambirani pa kusiyana kumeneku musanalembe lamulo lililonse pabolodi.

Sitepe imodziyo imayenda motere. Am ndi is amakhala was, are amakhala were. "I work here" amakhala She said she worked there, ndipo "I am reading" amakhala He said he was reading. Pamene pali have kapena has pamabwera had: "I have finished" amasanduka She said she had finished. Mawu omwe anali kale mu nthawi yakale amatenganso had, ndiye "I saw him" amakhala He said he had seen him. Pamenepa samalani, chifukwa had amafuna mtundu wachitatu wa mneni, uja wa seen, gone ndi written. Wolemba had saw kapena had went lamulo walimva, koma aneni osatsata -ed sanawaloweze, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ku mndandanda wa aneniwo. Mawu omwe ali kale ndi had, monga "I had left", alibenso kobwerera, amakhala momwemo.

Aneni othandizira nawo amasuntha: will amakhala would, can amakhala could, may amakhala might. Koma would, could, should, might ndi ought to sasintha. Must ndiye amafuna kumvetsetsa tanthauzo. Akamanena za chinthu chokakamiza, monga "I must go", nthawi zambiri timalemba had to go. Akamanena zongoganizira, monga "He must be tired", must amatsala.

Si nthawi zonse pamene mneni amabwerera m'mbuyo, ndipo apa m'pamene ophunzira akhama amapyola muyezo. Mneni wofotokozera akakhala says kapena tells, musasinthe nthawi: He says he is sick. Komanso ngati zonenedwazo zikadali zoona pa nthawi yomwe mukufotokoza, mukhoza kusiya mneni momwe alili. The teacher said that water boils at 100 degrees Celsius ndi chiganizo cholondola, poti madzi sanasiye kuwira pa mlingo umenewo. Munthu akakuuzani m'mawa kuti "I am coming tomorrow" inu n'kukauza wina madzulo a tsiku lomwelo, She said she is coming tomorrow palibe cholakwika, chifukwa mawalo silinafike. Pakapita sabata, chiganizocho chiyenera kukhala She said she was coming the next day. Funso lodzifunsa n'lakuti: kodi ndikufotokoza liti, ndipo ndili pati?

Funso lomweli ndi limene limatsogolera mawu a nthawi ndi malo. Today amakhala that day, yesterday amakhala the day before, now amakhala then, ago amakhala before, here amakhala there. Alowam'malo nawo asaiwalike. I ndi my amasanduka he ndi his kapena she ndi her, kutengera yemwe anayankhula. Mitengero ija imachoka, ndipo that mukhoza kumuika kapena kumusiya.

Mafunso ndiwo amagwetsa ambiri. "Where do you live?" amakhala She asked where I lived. Onani zinthu zitatu zomwe zachitika: do wachoka, mwininkhani ndiye wayamba kenako mneni, ndipo mfunsiro walowedwa m'malo ndi mpumiro. Kulemba She asked where did I live ndi kulakwitsa, ngakhale kumamveka bwino m'khutu la wophunzira. Funso loyankhidwa ndi eya kapena ayi limafuna if kapena whether: "Are you ready?" amakhala He asked if I was ready. Pa mawu olamula palibe kusintha nthawi, timangoika to kapena not to: He told us to sit down, She told me not to run. Kumbukiraninso kuti told amafuna munthu wouzidwa, pamene said satero. He told me ndi zolondola, He said me ayi.

Pophunzitsa musathire zonsezi tsiku limodzi. Tengani nthawi imodzi ya mneni pa phunziro, ndi ziganizo zosapitirira 10. Akhazikeni ophunzira atatuatatu: woyamba anong'oneze wachiwiri chiganizo, wachiwiri akauze wachitatu poyamba ndi said, wachitatu alembe. Pochonga, ayambe ayang'ana mneni wofotokozera, kenako mneni wamkati, alowam'malo, ndipo pomaliza mawu a nthawi ndi malo. Mafunso muwayambe pokhapokha ziganizo wamba zitakhazikika, popeza wophunzira yemwe akulimbanabe ndi was ndi had sangathe kusinthanso dongosolo la mawu pa nthawi yomweyo.