Waya wa magetsi wagwa pansi, muchite chiyani?

Mwafunsa zoyenera kuchita mphepo ikagwetsera waya wa magetsi pabwalo kapena mumsewu. Choyamba, muutenge kuti uli ndi moto, ngakhale magetsi atathima dera lonse. Mawaya ena a pamapolo a ESCOM amanyamula mphamvu ya magetsi ya mavolti 11,000 kapena 33,000, pomwe soketi ya m'nyumba ili ndi 230 okha.

Imani patali mamita 10 kapena kuposa, ndipo chotsani ana ndi ziweto. Ngati wagwera pafupi nanu, musathamange. Magetsi amamwazikira m'nthaka, makamaka yonyowa, ndiye mukatalikitsa miyendo amakwerera mwendo umodzi n'kutsikira winawo. Phatikizani mapazi, muchokepo mokhwekhwereza pang'onopang'ono, osawanyamula.

Musayerekeze kuusuntha ndi nsungwi kapena mtengo. Anthu amati mtengo wouma umateteza, koma zimenezo n'za waya wa m'nyumba basi. Pa mawaya akuluakuluwa moto umalumpha. Wina akagwidwa musamukoke, mungagwidwe nonse. Mpanda wa waya, malata ndi madzi a mvula amene wayayo wakhudza, nazonso musayandikire.

Waya ukagwera pagalimoto muli mkati, khalani momwemo. Tulukani pokhapokha ngati yayamba kuyaka: lumphani mapazi ali pamodzi, osakhudza galimoto ndi nthaka nthawi imodzi.

Kenako imbirani ESCOM ndi apolisi, mufotokoze malo bwinobwino. Munthu wamkulu mmodzi aime patali azibweza odutsa, makamaka ana ochokera kusukulu, mpaka ogwira ntchito atafika n'kunena okha kuti magetsi adula.