Kalembedwe ka buku lachikondi la makedzana lokamba za banja lopatukana lomwe likubwererana

M'nkhani zambiri zachikondi owerenga amadikirira ukwati. M'nkhani ya mtundu uwu ukwati unachitika kale, mphete zili ku zala, koma eni ake anafulatirana. Chimene owerenga akudikirira n'kuona ngati anthu awiri amene anapwetekana mtima angakhulupiriranenso. Buku lonse laima pa chilonda chimenecho. Madiresi, magule ndi ngolo za akavalo zibwere pambuyo.

Musanalembe mzere uliwonse, sankhani chaka. Mabuku ambiri a mtunduwu nkhani yake imachitikira ku England, m'nyengo ya Regency, pamene mwana wa mfumu ankalamulira m'malo mwa bambo ake odwala, kuyambira 1811 mpaka 1820, kapena mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, 1837 mpaka 1901. Chaka ndicho chimakuuzani zimene anthu anu angathe kuchita. Chisanafike chaka cha 1857, wofuna chisudzulo chomulola kukwatiranso ankafunika lamulo lakelake lochokera ku Nyumba ya Malamulo, njira yodula imene ankaikwanitsa ndi olemera okha. Makhoti a tchalitchi ankatha kuloleza awiriwo kukhala kosiyana, koma pamaso pa lamulo ankakhalabe mwamuna ndi mkazi wake. Lamulo la 1857 linatsegula khoti la zisudzulo, komabe mwamuna ankangofunika umboni wa chigololo, pamene mkazi ankayenera kuwonjezerapo china, monga nkhanza kapena kusiyidwa kwa zaka ziwiri. Tsankho limeneli linatha mu 1923.

Kwa wolemba, malamulo amenewa ndi mwayi. Simuvutika kupeka chowamangirira pamodzi, lamulo linawamanga kale. Koma lamulo lomwelo lili ndi mafunso amene muyenera kuyankha. Mkazi akakwatiwa, ndalama zake zinkakhala za mwamuna, kufikira malamulo a 1870 ndi 1882 atasintha zinthu. Ana nawonso anali m'manja mwa bambo. Caroline Norton, mlembi wa ku England amene mwamuna wake anamulanda ana atatu, ndiye analimbikira mpaka lamulo la 1839 linalola mayi kupempha khoti kuti asunge ana osakwana zaka 7. Ndiye ngati mkazi wa m'buku lanu wachoka pakhomo mu 1815, akukhalira ndalama za ndani? Mwana ali kuti? Mabanja olemera ankalemberana pangano kudzera mwa maloya, mwamuna n'kumapereka ndalama chaka ndi chaka. Kalata youma ya loya yobwera ndi ndalamazo ikhoza kukhala chinthu chokhacho chimene awiriwa akhala akulumikizirana.

Tsopano chilonda. Chiyeseni motere: ngati awiriwa atakhala pansi masana amodzi n'kutulutsa zakukhosi, nkhani n'kuthera pomwepo, ndiye kuti chilondacho n'chaching'ono. Apa ndi pamene mabuku ambiri amagwera. Kalata imene inasochera, kapena mkazi amene anaona mwamuna wake akukumbatira munthu yemwe pambuyo pake akupezeka kuti ndi mlongo wake, sizingasenze masamba 300. Owerenga amatopa, amayamba kuwaona anthu anuwo ngati opusa. Chilonda cholimba ndi chimene chimawawabe ngakhale zoona zonse zitadziwika. Mwana anamwalira, mwamuna n'kuthawira ku nkhondo yolimbana ndi Napoleon, wolamulira wa France, chifukwa sankatha kupirira nyumba ya zii, mkazi n'kulira yekha. Kapena mkazi anazindikira ukwati utachitika kale kuti anamukwatira pofuna chuma chake kuti abweze ngongole za bambo a mwamunayo. Pamenepa palibe bodza loti liululike, pali cholakwa choti chilipiridwe.

Onse awiri akhale ndi mbali yawo, ngakhale isafanane kukula. Wina anachoka, koma mnzake anabweza makalata asanu ndi limodzi osatsegula. Mtunda ungakulitse vutolo: ngalande ya Suez isanatsegulidwe mu 1869, sitima yopita ku India yozungulira kumwera kwa Africa inkatenga miyezi inayi kapena kuposerapo, choncho kupepesa kunkafika mnzako ataumitsa kale mtima. Kumenya mkazi kupeweni, owerenga ambiri sakhululuka. Chigololo chimagawa owerenga pakati, ndipo mukachisankha dziwani kuti theka la buku lipita pa kuchilipira.

Kupatukana kukhale kwa zaka zitatu mpaka khumi. Zikachepa, anthuwo sanasinthe. Chowabweza pansi pa denga limodzi chikhale ndi malire a nthawi: maliro, matenda a kholo, mng'ono wa mkaziyo amene akufunika womuperekeza ku maphwando a ku London kwa miyezi itatu, kapena kufunika kwa mwana wamwamuna wolowa udindo wa bambo ake.

Buku lotere nthawi zambiri limakhala la mawu 80,000 mpaka 90,000, m'mitu pafupifupi 30. Awiriwa aonane m'mutu woyamba kapena wachiwiri. Musakhuthule mbiri yawo yonse kumayambiriro. Iperekeni pang'onopang'ono, ndipo tsiku loipitsitsa lija lifotokozedwe lonse mutadutsa pakati pa buku. Sinthanani mitu pakati pa maganizo a mkazi ndi a mwamuna, kuti owerenga amve tsiku lomwelo kawiri ndipo asowe womuweruza.

Chimene banja lotere lili nacho, chimene zibwenzi zatsopano zilibe, n'kudziwana. Chigwiritseni ntchito pa tinthu ting'onoting'ono. M'mawa woyamba pa tebulo, antchito ataima chapakhoma makutu ali tcheru, mkazi akumutchula mwamuna ndi dzina la udindo wake ngati mlendo. Koma dzanja lake lathira kale tiyi wopanda shuga n'kumupatsira, osafunsa. Onse awiri aona, palibe wayankhula. Kachidutswa koteroko kamaposa masamba atatu ofotokoza kuti chikondi chikadalipo. Chimodzimodzi chitseko cholumikiza zipinda zawo zogona: kiyi ali mbali iti, ndipo wachotsedwa usiku uti?

Samalani ndi nkhani ya kuchipinda. Popeza ndi okwatirana, palibe chowaletsa, ndipo olemba ena amaigwiritsa ntchito ngati mankhwala. Thupi likhoza kubwerera msanga, chikhulupiriro chimachedwa. Akagona limodzi chapakati pa buku, m'mawa mwake zinthu zivute kuposa dzulo.

Kupepesa kwa mawu okhaokha, ngakhale atagwada pamvula, sikukwanira. Wolakwa ataye chinthu chimene chikumupweteka, ndipo m'nyengo imeneyi chinthu chimenecho ndi mphamvu imene lamulo linamupatsa. Mwamuna asainire kuti chuma cha mkazi chisungidwe ndi anthu ena m'dzina la mkaziyo, amupatse nyumba, amulole kupita ndi mwana. Mkazi akasankha kukhala khomo lili pululu, owerenga amakhulupirira. Akakhala chifukwa alibe kolowera, mwangolemba za ndende.

Pomaliza bwererani m'buku ndi cholembera, kufufuza zinthu zimene zalowa nthawi yake isanakwane. Sitampa inayamba mu 1840, ndipo kale wolandira kalata ndiye kawirikawiri ankalipira. Sitima ya pamtunda pakati pa Liverpool ndi Manchester inayamba mu 1830, choncho mwamuna wa mu 1815 wothamangira mkazi wake kumpoto akwere kavalo kapena ngolo, agone m'njira masiku angapo.