Mmene mungakhalire dokotala wa odwala mwakayakaya amene amachitanso kafukufuku

Wophunzira wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amene akufuna kudzasamalira odwala mwakayakaya, kwinaku akuphunzitsa ndi kufufuza pa yunivesite, adziwiretu kuti maphunziro ake amadya zaka zoposa khumi. Choyamba ndi kukhoza bwino masamu, Chingerezi ndi maphunziro a sayansi pa mayeso a MSCE, kuti musankhidwe kupita ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu imene inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, yomwe inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Kumeneko mumachita chaka chokonzekera ndi zaka zisanu za digiri ya udokotala yotchedwa MBBS, kenako mumagwira ntchito miyezi 18 pachipatala chachikulu moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, bungwe la Medical Council of Malawi lisanakuloleni kugwira ntchito panokha.

Mukamaliza zimenezi musathamangire kukhazikika mumzinda. Chipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu chidzakuphunzitsani zimene simungazione m'chipinda cha odwala mwakayakaya (ICU), chifukwa odwala kwambiri ochuluka safikako n'komwe. Amagona m'mawodi wamba: mayi amene wataya magazi pobereka, mwana wa malungo amene akukomoka, munthu wovulala pangozi ya pamsewu wa M1. Kuchokera pa boma la Dedza kukafika kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita oposa 80, ndipo kusankha amene akwere ambulansi ndi amene ayambe wapatsidwa mpweya, magazi kapena diripi pompo ndi luso limene limabwera ndi kuona odwala ambiri. Mugwirizanenso ndi makiliniko ofesala ogonetsa anthu pa opaleshoni, popeza m'maboma ndi iwowo amene amadziwa bwino kuthandiza munthu amene akulephera kupuma.

Ukatswiri weniweni mudzaupeza pa maphunziro a digiri yachiwiri ya udokotala (MMed) a zaka zinayi, makamaka a kagonetsedwe ka anthu pa opaleshoni (anaesthesia), amene amaphunzitsanso kasamalidwe ka mu ICU, ngakhale ena amalowera kudzera ku matenda a ana kapena a akuluakulu.

Koma kafukufuku musamudikire mpaka mudzakhale katswiri. Yambani ndi kaundula wa pawodi, momwe muzilemba kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe, kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, ngati wodwala akuzindikira, ndiponso mmene zinathera. Pakatha miyezi ingapo, funso lanu lidzatuluka m'kaundulamo, mwina lakuti ndi angati amene okosijeni wawo anatsika pansi pa 90 peresenti koma sanaikidwe pa mpweya, ndipo chinalepheretsa n'chiyani. Ine ndimaona kuti funso lotere limaposa mutu wobwereka kunja, ngakhale mutuwo utabwera ndi ndalama. Chifukwa chake chinaonekera mu 2011, pamene kafukufuku wa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anapeza kuti kuthira madzi ambiri mofulumira m'mitsempha ya ana otentha thupi odwala kwambiri kunkachulukitsa imfa, pomwe m'mayiko olemera imeneyo inali njira yovomerezeka. Kafukufuku wina wa ku Lusaka, wofalitsidwa mu 2017, anapeza zofanana mwa akuluakulu amene matenda analowa m'magazi. Kuno kwathu, njira ya ETAT yosankhira ana ofunika thandizo lamsanga inakhwimira pachipatala cha Queen Elizabeth, ndipo makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayesedwanso komweko.

Musanagwiritse ntchito mbiri ya wodwala aliyense pa kafukufuku, pezani chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo a m'bomalo ndi cha komiti yoona za ufulu wa anthu ofufuzidwa, monga COMREC kapena National Health Sciences Research Committee. Apa pamafunika kusamala kwambiri, popeza munthu wokomoka sangavomere yekha, choncho muyenera kufotokozera womudikirira m'Chichewa chomveka, n'kumutsimikizira kuti akakana, chithandizo cha m'bale wakeyo sichisintha. Funaninso mlangizi amene anafalitsapo zofufuza zake, kaya ku yunivesite kapena ku bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre, ndipo pokakumana naye mutenge kaundula wanu uja pamodzi ndi funso lanu lolembedwa patsamba limodzi.