Masika ano musanatole chibonga, yambani mwatulutsa foni

Alimi anzanga, mwezi wa Epulo ndi Meyi foni yanga sipuma. Munthu akutumiza chithunzi cha kanthu kophwanyika mutu, ntchentche zayamba kale, kenako funso loti alangizi kodi iyi ndi njoka yanji. Nanga ine ndiizindikira bwanji mutu mwaunyenyanyenya chonchi? Kangapo konse ndimapeza kuti yaphedwayo ndi ija yabulauni ya m'nyumba, ilibe ululu, ntchito yake ndi kukuthandizani kudya mbewa ndi makoswe omwe akulowa mu nkhokwe. Ndiye lero tikambirane zojambula zinthuzi, njoka, abuluzi, ananzikambe ndi achule, zili moyo, kuseri kwa nyumba kwanu komweko, ndi foni yomwe muli nayoyo.

Nyengo yake ndi inoyi. Mvula yayamba kukata, udzu ukuuma ndiye maso akutha kuona pansi, m'mawa kwayamba kuzizira. Abuluzi, njoka ndi afulu thupi lawo silipanga lokha kutentha ngati ife, amadalira dzuwa, nchifukwa chake cha m'ma 7 mpaka 9 koloko mumawapeza atadziyala pa njerwa kapena pa mwala kuwothera ndipo amakhala aulesi, mutha kusendera pafupi. Likafika pa liwombo iwalani, buluzi uja wasanduka mphezi. Ikafika Juni mwera ukayamba kuwomba ambiri amabisala, ndiye musachedwe.

Koyambira kusaka ndi malo omwe akunyumba amadandaula kuti simukonza aja. Mulu wa njerwa zootcha, nkhuni zosanja, malata akale ogona pansi, kudzala, pansi pa nthochi, kuseri kwa bafa komwe madzi amatayikira. Ndi mikukwe ya chimanga kumunda, koma pamenepo pokhapo samalani kwambiri chifukwa pomwe pali mbewa njoka sisowa. Mphiri zimayendayenda kwambiri nyengo inoyi, zamphongo zikusaka zazikazi, ndipo mphiri sithawa, imangokhala duu mu masamba ouma kudikira kuti mwina simuiona. Valani majombo ndi thalauzi lalitali. Zamasilipasi ayi.

Ine ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina ndinanyamula lata kumbali yomwe ndinaima, mapazi ali pamtunda, pansi pake panali mamba yolavula ija itadzipinda bwinobwino, inangodzutsa mutu n'kufutukula khosi ine ndinapezeka ndili pa khonde osadziwa kuti ndafika bwanji, foni itatsala m'fumbi. Njira yake ndi iyi: imani mbali ino, kokani lata kapena mwala ndi khasu kuchokera mbali yakutaliyo kuti chinthucho chikhale chotchinga pakati pa inu ndi zomwe zili pansi. Zala musalowetse pomwe maso sakuona. Mukamaliza bwezerani mwala momwe unalili chifukwa pansi pakepo pali chinyezi chomwe tizilomboto tikudalira mpaka mvula idzagwenso.

Tsopano nanzikambe, ena amati bilimankhwe, ameneyu ndiye ndimamukonda ine. Masana mutha kumuyang'ana pa mpanda ola lathunthu osamuona koma usiku ndi wosavuta. Tengani tochi cha m'ma 8, walitsani kunsonga za nthambi, pa nandolo, pa mpanda wa maluwa, mudzaona kanthu kotuwa mbuu ngati tsamba lofota, mchira atapinda ngati nkhata, ali m'tulo. Akagona khungu lake limayera ndiye amaonekera pakati pa masamba obiriwira. Jambulani kawiri katatu n'kumusiya, mukamuwalitsa nthawi yayitali amadzuka n'kuyamba kuda, chithunzi chimaipa ndipo mwamuvutitsa. Kumapeto kwa dzinja kuno mukaona wamkulu wonenepa akuyenda pansi, nthawi zambiri ndi wamkazi akufuna pokumba kuti aikire mazira, ndipo mazirawo amakhala m'dothi pafupifupi chaka asanaswe. Mukamupha mwapha ambiri.

Ndikudziwa zomwe tinakula nazo, zoti akakuluma sasiya, zoti anachedwa ndi uthenga wa Chauta buluzi n'kumupitirira nchifukwa chake timafa, mpaka ana kumamuthira fodya mkamwa. Nanzikambe alibe ululu uliwonse abale. Amatsegula kukamwa n'kufufuma pofuna kukuopsezani basi. Ndipo dzina lathuli linalowa mpaka m'mabuku a sayansi: mu 2006 akatswiri anatcha gulu lina la anyamatawa kuti Nadzikambia kutengera Chichewa chomwechi, ndipo mtundu wake umodzi kwawo ndi ku phiri la Mulanje.

Achule samavuta. Yatsani getsi la pakhonde, tizilombo tikabwera nawo amabwera, aja a khungu la nsungunsungu amakhala phee kudikira chakudya ndipo sachita manyazi ndi kamera. Palinso wina amene mvula ikatha amalowa m'nyumba, mumamupeza pa felemu ya windo kapena pamwamba pa chitseko cha bafa, woyera ngati choko, miyendo ataipinda pansi pa mimba. Ndi yemwe uja nthawi ya mvula amapanga thovu loyera pa nthambi pamwamba pa chithaphwi, mbululu n'kumagwera m'madzi. Kuyerako kumamuthandiza kuti asatenthedwe, ndipo atha kukhala malo amodzi masabata, ndiye mutha kumujambula mmene mukufunira. Finye yekha ndi wamwayi, nthawi ino amakhala atalowa pansi, mumakumana naye mukamakumba mbatata, n'kufufuma ngati mpira nkhope ili ngati mwamulanda ngongole. Mujambuleni n'kumukwiriranso ndi dothi lofewa. Chule musamugwire ndi manja omwe mwagwira feteleza, mankhwala a chimanga kapena mafuta odzola, khungu lake limamwa chilichonse.

Gulo mutu wabuluu uja umawala kwambiri nthawi yotentha, pano wayamba kuzilala, komabe pa thunthu la mango amaoneka bwino bola muleze mtima chifukwa amazungulira kuseri kwa mtengo inu mukamayandikira. Analimata ali pa khoma lililonse usiku, yambirani pomwepo kuphunzira.

Pa kajambulidwe anthu ambiri amalakwitsa chinthu chimodzi, amajambula ataima, ndiye chithunzi chimangotuluka dothi lokhalokha ndi kadontho pakati. Gwadani, ngati ndi chule kapena buluzi gonani chafufumimba foni ifike pa msinkhu wa diso lake, dinani pa sikirini pomwe pali disopo kuti fokasi igwire. Pukutani kagalasi ka kamera kaye ndi malaya, mafoni athuwa amakhala m'thumba limodzi ndi mtedza. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu koma mthunzi wanu usamugwere, akangouona amayesa kabawi wapita. Usiku fulashi ya foni imawalitsa chule wonyowa mpaka osaoneka mawanga, bola mwana akugwirireni tochi chammbali. Ndipo ngati mukufuna wina akuuzeni dzina, chithunzi chimodzi sichikwana, jambulani cha pamsana, cha m'mbali ndi cha mutu, ikani bokosi la machesi pafupi kuti kukula kudziwike, lembani tsiku ndi mudzi. Mukaika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi za zamoyo, pali anthu odziwa omwe amathandiza mayina ulele, kungofunika kabandulo pang'ono.

Zogona chafufumimbazo ndi machesiwo njoka sizikuikhudza. Njoka jambulani muli kutali, masitepe asanu kapena kuposa, gwiritsani zoom ngakhale chithunzi chituluke chosawala bwino. Yolavula ija imaponya malovu mamita awiri kapena atatu ndipo imalunjika m'maso, zikachitika tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala. Nalikukuti amaoneka ngati kamtengo kouma ndipo ndi wofatsa, koma ululu wake ulibe jakisoni wake wothana nawo, ndiye musamuseweretse. Ndi kanjoka kakuda konyezimira kaja komwe kamatuluka pansi mvula ikagwa, musayerekeze kukagwira pakhosi ngati mmene mumaonera pa TV, kamabaya chammbali ndi dzino limodzi kukamwa kali kotseka, chala chimatha kuwola. Munthu akalumidwa musatemere, musayamwe, musamange chingwe, vulani mphete ndi zibangili, asayende kwambiri, pezani njinga yamoto kapena galimoto. Kachithunzi kaja kuchipatala kawathandiza, koma musataye nthawi kuithamangitsa kuti muijambule munthu akutupa.

Ana akafuna kupita nanu atengeni, bola akhale kumbuyo kwanu ndipo wonyamula malata mukhale inu nokha. Agalu amangeni kaye.