Musanagule mbuna, yezani kaye thanki yanu

Mwezi wathawu ndinaitanidwa pakhomo pena ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuti ndikaone nsomba zomwe zinkangofa m'thanki yagalasi ya pabalaza. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi ya maiwe a nsomba zodya, komabe ndinapita. Thankiyo inali ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 kuya. Mukachulukitsa manambala atatuwa n'kugawa ndi 1000, mupeza malita 54 okha. M'menemo munali mbuna ziwiri zazimuna za mtundu wa auratus, tinsomba ta guppy tisanu tothothoka zipsepse, ndi kapende kamodzi (kamwana ka pende, nsomba yonga chambo) komwe mwana wa pakhomopo anawedza mumtsinje wa Revúbuè. Mbuna imodzi inali itapanikizika kuseri kwa paipi ya sefa, pamwamba penipeni, mchira wake ngati wodyedwa ndi khoswe. Bambo a pakhomopo anati, "Alangizi, tigule mankhwala anji?" Ndinawauza kuti palibe matenda apa, nsombazi zikungomenyana.

Mbuna ndi nsomba za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, yomwe kuno timaitcha Niassa, ndipo zimapezeka ngakhale m'gombe la kwathu la ku Metangula ndi ku Cobué. Zambiri zimadya ndere pokokota miyala, ndipo yaimuna imasankha phanga lake n'kumapirikitsa aliyense woyandikira. M'nyanjamo yopirikitsidwa imathawira pamwala wina. M'galasi ithawira kuti?

N'chifukwa chake ndimati yambani ndi tepi yoyezera, kukongola kubwere pambuyo. Mbuna zimafuna thanki yotalika masentimita 120, ya malita pafupifupi 200, yodzaza ndi miyala yosanjikizana bwino kuti nsomba zisamaonane nthawi zonse. Miyalayo ikhale pansi penipeni mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba ndipo mwala ukagwa umaswa galasi. Kwa woyamba kumene, mtundu wofatsirapo ndi Labidochromis caeruleus, yachikasu ija yokhala ndi mzere wakuda pachipsepse cha pamsana. Palinso saulosi, yaing'ono ndithu, yomwe yaimuna ndi yabuluu yamizere yakuda pomwe zazikazi ndi zachikasu, ndiye mumakhala ndi maonekedwe awiri pa mtundu umodzi wa nsomba. Auratus isiyeni m'sitolo momwemo. Ogulitsa amaikonda chifukwa ikakhala yaing'ono imawala, koma ukali wake si wa thanki ya pabalaza.

Yaimuna imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Mukaipatsa imodzi yokha, imaivutitsa mpaka kuipha. Ndipo mukadzaona yaikazi yatupa kukhosi, yasiya kudya, musathamangire mankhwala. Yafungatira mazira m'kamwa, ndipo pakatha pafupifupi masabata atatu idzalavula ana.

Nanga amene thanki yawo ndi ya malita 54 aja? Mbuna ayi. Ngati mungazipeze, tinsomba ta m'nyanja ya Tanganyika totchedwa Neolamprologus multifasciatus, tokhala m'zikamba za nkhono, timakwana bwino, poti sitipitirira masentimita 5. Tipatseni mchenga ndi zikamba zambiri.

Pa nkhani ya zokhala nazo limodzi, ine ndimakonda mbuna ikhale ndi mbuna inzake basi. Mukafunitsitsa mlendo m'thanki yaikuluyo, nkholokolo ndiyo imapirira, poti imachokera m'nyanja ya Malawi momwemo ndipo minga yake imaiteteza. Guppy ndi goldfish zimangokhala zolumidwa. Pende ndi ya m'banja limodzi ndi mbuna ndi chambo, koma imatha kupitirira masentimita 30 ndipo imagwetsa zonse pokumba. Malo ake ndi padziwe. Mlamba ndiye musayerekeze, usiku umodzi umameza tonse tokwana m'kamwa mwake.

Madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 28. Apa ndi pamene chigawo chathu cha Tete chimasiyana. Ku Ulónguè ndi ku Tsangano, kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kumafuna hita yotenthetsera madzi. Ku Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala vuto ndi kutentha, ndipo madzi otentha amasunga mpweya wochepa. Thanki italikire zenera, muchotse chivundikiro masana n'kuyalapo neti kuti nsomba zisadumphe, fani iziwomba pamwamba pa madzi. Mukaona nsomba zikupumira pamwamba, wonjezerani pampu ya mpweya.

Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, muthire ena omwe mwawachotsa klorini. Chakudya chikhale chamasamba, monga chija cha ndere ya spirulina, pang'ono pokha poti n'kutha m'mphindi imodzi. Nyama ndi nyongolotsi zimatupitsa mimba za mbuna. Thanki yatsopano iyende ndi sefa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, mukuponyamo kachakudya pang'ono, musanaikemo gulu lonse.

Ku Moatize kuja tinasamutsira guppy m'beseni lina, auratus imodzi inabwezedwa kwa wogulitsa, ndipo kapende kaja tinakapereka kwa mlimi wina wa dziwe. Nsomba za m'sitolo zikakukanikani chitani chimodzimodzi, musakazitaye mu Zambezi kapena mu Revúbuè.