Mwapatsidwa siteshoni ya kafukufuku ya koleji? Yambani chonchi

Anzanga amene mwangouzidwa kumene kuti muziyang'anira siteshoni ya kafukufuku wa zamoyo, ija ophunzira a biology amapitako kukachita mapulakitiko, ndikupatseni zimene ndikuziona kuti ndi zofunika. Ndizipereka chitsanzo cha nyanja ya Chilwa poti ndi komwe ambiri a ku Zomba amathamangirako, koma zomwezi zigwiranso ntchito ku Cape Maclear kaya ku phiri la Mulanje.

Choyamba penipeni musanagule maikulosikopu kapena kupenta nyumba, gulani buku lachikuto cholimba ndi mapensulo. Ndikunena zoona. Chuma cha siteshoni ndi zolemba za tsiku ndi tsiku, mvula yagwa yochuluka bwanji, madzi afika pati pa mtengo woyezera, akutentha bwanji, ndi akuda motani, asodzi abwera ndi nsomba zanji. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi ina, nde poti ndi yosazama madzi ake amakwera ndi kutsika kwambiri, inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995 komanso mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope osweka. Zimene tikudziwa za mmene matemba, makumba ndi milamba imathawira m'mitsinje ndi m'madambo kenako nkubwereranso madzi akadzadza, tikuzidziwa chifukwa akatswiri a University of Malawi analipo akulemba nthawi ya 1968 ija isanafike, ili mkati komanso itadutsa. Nde inu mukadumphitsa miyezi itatu chifukwa koleji yatseka, dziwani kuti dzenje limenelo silidzakwiririkanso, mvula ya chaka chatha simungaiyezenso lero.

Chifukwa chake munthu wofunika kwambiri pa siteshoni ndi amene amagona pompo chaka chonse. Pezani munthu wa m'mudzi womwewo wodziwa kulemba ndi kuwerenga, mumuphunzitse kuwerenga choyezera mvula m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi, 8 koloko, ndi kutsitsa Secchi disk, kambale koyera ndi kakuda kaja timakamiza m'madzi mpaka kasiye kuoneka. Malipiro ake akhale mzere woyamba pa bajeti, asamadikire kuti pulojekiti ina ibwere. Ndipo dzina lake lizilowa m'malipoti, izi ine sindinyengerera, munthu wayeza madzi zaka zisanu ndiye pepala litatuluka asapezekemo? Ayi ndithu. Loweruka lililonse azijambula masamba a bukulo pa foni nkukutumizirani pa WhatsApp, inu muzilowetsa mu kompyuta, buku likanyowa kapena chiswe chikalowamo zisathere pomwepo.

Chachiwiri, kaonekereni kwa eni dera. Pitani kwa amfumu, akulozereni kwa a gulupu ndi a T/A, mukakhale pansi mufotokoze kuti ana awa akubwera kudzatani ndipo mabotolo akutunga madziwa akupita nawo kuti. Anthu akaona alendo akukhoma zikhomo m'dambo osanena kanthu amayamba kuganiza kuti malo awo akulandidwa kapena zina zoipa kuposa apo, ndipo sitingawadzudzule. Kumadoko ngati Kachulu kuli makomiti a asodzi, ma BVC aja, amenewo ndi amene angakuuzeni kuti boti labwino ndi la ndani komanso njira yodutsa mu njedza ili pati mwezi uno. Chaka chikatha bwererani mukawauze zimene mwapeza, m'Chichewa, pansi pa mtengo, osangotumiza lipoti la Chingerezi ku ofesi.

Za mapepala ndingodutsa mwachangu. Kafukufuku amafuna chilolezo, pitani ku NCST, bungwe la boma loona za sayansi, ndi ku komiti ya koleji yanu, za nsomba ku dipatimenti ya Fisheries, mukakhala mu paki ngati Lake Malawi National Park ndiye a Parks and Wildlife. Alendo ochokera kunja asatuluke ndi masampulo popanda mapepala, ndipo zomera zimene mwaumitsa siyaniko zina ku National Herbarium ku Zomba. Chilwa ili m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, nde maso a anthu ambiri ali pamenepo makamaka pa nkhani ya mbalame.

Tsopano ophunzira. Apa mpamene mtima wanga umakhala m'mwamba chifukwa mwatenga ana a eni ake, ena sanakwerepo bwato chibadwire. Lamulo likhale limodzi, wopanda life jacket sakwera, kaya ndi lekichala kaya ndi pulofesa. Nyamukani m'mamawa madzi ali bata ndipo mwini boti akati lero mphepo siili bwino mumvereni, iyeyo nyanjayo amaidziwa kuposa ife. Likodzo liliko, nde majombo ndi magolovesi, ndipo auzeni kuti pakapita milungu ingapo akayezetse kuchipatala, mankhwala ake praziquantel amapezeka. Aliyense agone mu neti. Madzi akumwa mutenge anu kapena muthire kolorini, kolera yakhala ikuvuta kwambiri asodzi ogona mu zimbowera pakati pa nyanja paja. Musananyamuke dziwani chipatala chapafupi chili kuti, galimoto igone pa siteshoni ili ndi mafuta, komanso atsikana akhale ndi chipinda chawo chotseka bwino ndi mayi wamkulu amene angamuuze vuto momasuka.

Pophunzitsa musawadzaze ndi manotsi ngati muli m'kalasi, zimenezo akanachitira ku koleji konko. Agaweni anayianayi, gulu lililonse funso limodzi laling'ono loti litheke m'masiku atatu, monga kodi tizilombo ta m'madzi ta pamathiriro a Likangala tikusiyana bwanji ndi ta mkati mwa njedza. Azitunga okha, awerenge okha, alakwitse, madzulo akhale pa khonde afotokozere anzawo. Koma malo otungira ndi njira yoyezera zikhale zomwezo chaka ndi chaka, mukatero ntchito ya ana a chaka chachiwiri imasanduka mbali ya buku lalikulu lija, ndipo amasangalala kwambiri akaona kuti manambala awo akuyerekezedwa ndi a anzawo a zaka zam'mbuyo. Botolo lililonse lilembedwe tsiku, malo ndi dzina la wotola, kapepalako kalembedwe ndi pensulo nkulowetsedwa mkati momwemo chifukwa inki imasungunuka mu ethanol. Fomalini, mankhwala osungira masampulo kuti asawole, muzitsekera kutali ndi kukhitchini.

Zipangizo gulani zoti zikawonongeka wina wa pafupi akonze. Sola ndi mabatire abwino zimaposa jenereta yodikira mafuta, firiji yaing'ono imodzi, GPS, sikelo, maneti. Makina odula amene sipeya yake mpaka ichokere kunja asiyeni ku labu ya ku koleji, masampulo azipita kumeneko.

Ndalama nde mutu waukulu, sindikubisirani. Ikani mtengo wogonera pa usiku, ofufuza obwera ndi mapulojekiti awo azilipira mokwanira pomwe ophunzira athu ndi ana a sekondale azilipira pang'ono, ndipo kambiranani ndi a akaunti kuti ndalama imeneyo izibwerera ku siteshoni. Konzani denga, chimbudzi ndi boti mu September ndi October mvula isanayambe, chifukwa ikangogwa misewu ya kunyanja imaterera moti simenti simungafike nayo. Miyezi yomweyo wonaninso mtengo woyezera madzi uja ngati sunapendekeke, mupentenso manambala ake madzi akadali pansi.