Kulumikiza shafiti, mabeyaring'i ndi mapule mu FreeCAD zisanapite kokawotcherera

Mmisiri wa ku Luchenza kapena ku Chitakale amene akujambula makina otong'ola chimanga pa kompyuta savutika kwambiri pojambula chitsulo chimodzichimodzi. Mutu umayamba kuwawa pozilumikiza. Tigwiritsa ntchito FreeCAD, pulogalamu yaulere imene kuyambira pa 1.0, yomwe inatuluka mu November 2024, ili ndi gawo lakelake lolumikizira lotchedwa Assembly. Zigawo zathu ndi izi: fulemu ya angle iron ya mamilimita 50 x 50 x 5, mabeyaring'i awiri a UCP 205, shafiti ya mamilimita 25, pule ya mamilimita 250 pa shafiti, ndi mota yokhala ndi pule ya mamilimita 100.

Yambani ndi fulemu, ndipo muikhomere pansi kuti isasunthe ndi batani la Toggle grounded. Ikhale yokhayo yokhomedwa. Chitsulo chilichonse chosamangidwa chimatha kuyenda m'njira 6: kutsetsereka mbali zitatu ndi kuzungulira mbali zitatu. Joint iliyonse, kutanthauza cholumikizira zitsulo ziwiri mu pulogalamuyi, imatseka zina mwa njirazi. Fixed imatseka zonse, Revolute imasiya kuzungulira kokha, Slider imasiya kutsetsereka kokha, pamene Cylindrical imasiya zonse ziwiri pa mzere umodzi. Choncho musanadine kanthu dzifunseni kuti chitsulochi chikakhala pa makina enieni chiziyenda bwanji, ndiye musankhe joint imodzi yoyenera. Kuunjika ma joint atatu pa chinthu chimodzi ndiye gwero la mavuto ambiri.

Mabeyaring'i ndi amene amapusitsa anthu. UCP 205 imamangidwa ndi mabawuti a M10 otalikirana mamilimita 105, ndipo pakati pa shafiti pamakhala mamilimita 36.5 kuchokera pansi pake. Koma mabowo ake si ozungulira, ndi otalikirapo kuti muzitha kuisuntha pomanga. Mukatenga fayilo ya STEP (beyaring'i yojambulidwa kale) pa intaneti n'kudina m'mphepete mwa bowolo, pulogalamu imagwira pakati pa kachigawo kokhota kakumapeto, osati pakati pa bowo lonse. Beyaring'i imakhala yasunthira mbali ndi mamilimita ochepa, ndipo ndi maso simungaone. Ife timalangiza kuti mujambule nokha beyaring'i yosavuta: thabwa la pansi, mabowo awiri ozungulira a mamilimita 11 pa 105, ndi bowo la 25 pa msinkhu wa 36.5. Timipira tam'kati musatijambule, timangolemetsa kompyuta. Kenako dinani mphepete ya pansi ya bowo la beyaring'i, mudinenso mphepete ya pamwamba ya bowo la fulemu, muike Fixed. Ikalowa m'kati mwa fulemu mozondoka, dinani batani lotembenuza m'bokosi la joint lomwelo. Ikapingasa, lembani 90 pa Rotation mpaka bowo lachiwiri ligwirizane.

Shafiti muimange ndi Revolute ku beyaring'i imodzi yokha. Yachiwiriyo muisiye. Mukaika Revolute mbali zonse ndiye kuti mwatseka njira zomwezo kawiri, ndipo mabowo a pa fulemu akaphonyana ngakhale ndi theka la milimita, solver, gawo la pulogalamu lowerengera malo a chitsulo chilichonse, imakanika kapena imaponya shafiti kutali. Ubwino wina wosiya beyaring'i yachiwiri ndi wakuti imakhala mboni: yezani ndi chida cha Measure kuchokera pakati pa bowo lake kufika pakati pa shafiti. Ngati si 0, cholakwika chili pa fulemu, ndipo ndi bwino kuchipeza pano kusiyana ndi kuchipeza mutaboola kale.

Pule yaikulu ilowe ndi Fixed kumapeto kwa shafiti. Pa Offset lembani mtunda woti ilowere m'kati, ndipo samalani chizindikiro chake chifukwa nthawi zina nambala yoyenera imakhala ya minus. Shafiti ya 25 imatenga kiyi (kachitsulo koletsa pule kuzungulira payokha pa shafiti) ya 8 x 7, yomwe imalowa mamilimita 4 m'shafitimo. Sinthani Rotation mpaka mpata wa kiyi wa pule ukumane ndi wa shafiti.

Mota ikhale pa Slider yoloza ku shafiti, popeza pa makina enieni mudzaikoka pokunga lamba, ndipo ikani malire a kuyenda kwake ofanana ndi mtunda umene mabawuti a mota angasunthe m'mabowo awo a pa fulemu. Chofunika kwambiri apa ndi chakuti mizere ya mapule awiriwa ikhale pa mzere umodzi. Musayeze kuchokera kumaso kwa mapule ngati makulidwe awo ndi osiyana. Yezani pakati pa mizere yomwe lamba amadutsamo. Ikaphonyana lamba amadyeka mbali imodzi, amatentha, kenako amavuka. Za liwiro n'zachidule: mota ya 1,440 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi) ndi mapule a 100 ndi 250 zimapereka 576 rpm pa shafiti.

Pali tinthu ting'onoting'ono timene timachedwetsa ntchito yotereyi mu mapulogalamu ambiri a CAD (ojambulira zinthu pa kompyuta), ndipo tikanakonda opanga ake atatikonza. Choyamba ndi kusankha nkhope yobisika. Pansi pa beyaring'i pakangogona pa fulemu sipaonekanso, ndiye mumayenera kubisa fulemu ndi batani la Space, kudina, n'kuibwezeretsa. Zikanakhala bwino chitsulo chomwe mwadina koyamba chikanamaonekera m'kati chokha mpaka mutasankha chachiwiri. China ndi mayina. Pulogalamu imangotchula ma joint ndi mtundu wake ndi nambala, ndipo akafika 20 simudziwanso kuti wa mota ndi uti. Ikanamatenga mayina a zitsulo ziwirizo bwenzi nkhani itatha. Pakadali pano dinani F2 mulembe nokha, monga "shafiti_beyaringi_kumanzere", nthawi yomweyo osati mawa. Tikanakondanso kuti chitsulo chilichonse chizionetsa poyera njira zoyendera zomwe chatsala nazo. Njira yathu ndi yachikale: chikokeni ndi mouse muone ngati chikusuntha kumene sichiyenera.

Chomwe chimapweteka kwambiri ndi kusintha chitsulo mutalumikiza kale. Mukawonjezera bowo kapena kusalaza ngodya za fulemu, nambala za mphepete zimatha kusintha ndipo joint imakagwira pena. FreeCAD 1.0 inachepetsa vutoli koma silinatheretu. Malizani mabowo onse musanayambe ma joint, ma fillet (kusalaza ngodya kuja) muike kumapeto, ndipo sungani fayilo ndi dzina latsopano musanasinthe chachikulu, makamaka ngati laputopu yanu batire lake linafa ndipo magetsi akathima imazima nawo.

Zonse zikagwirizana, tulutsani chithunzi cha pamwamba pa fulemu mu TechDraw, gawo la FreeCAD lopangira zithunzi zosindikiza, pa sikelo ya 1:1. Posindikiza muuze wa pa printa kuti asachepetse kuti chikwane pepala, ndipo muyeze ndi rula kuti 105 uja ndi 105 ndithu musanamate pepalalo pa chitsulo n'kumenya panchi.